Nyenyezi Zogwedezeka Pamwamba pa Misuku

Wofuna kuona nyenyezi bwinobwino ayenera kuthawa magetsi, ndipo m'Malawi muno magetsi amathawika mosavuta ku Chitipa. Boma limeneli lakhala kunsonga kwenikweni kwa dziko lathu. Kumpoto, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ndi Tanzania. Kumadzulo ndi Zambia, ndipo malire ake amakwera mpaka m'mapiri a Mafinga. Kalembera wa 2018 anapeza kuti kuli anthu oposa 230,000, ambiri mwa iwo ali m'midzi yotalikirana kumene dzuwa likangolowa mdima umagwa wandiweyani. Ndinapita kumeneko mu Okutobala, mwezi uli mumdima, kukasaka kanyenyezi kamodzi kozilala kamene kanasokoneza akatswiri a zakuthambo mu 1995.

Ulendo unayambira pa Chitipa boma, pamene atsamunda ankapatchula kuti Fort Hill. Msewu wakale wa Stevenson, wolumikiza nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika, unkadutsa m'dera lomweli, ndipo mpaka lero tauniyi ndi mphambano ya anthu ndi malonda. Mumsika muli zitenje ndi ziwiya zolowa kuchokera ku Tunduma, nyemba, mawere, mtedza ndi mikoko ya nthochi yotsika kumapiri. Khutu limamva Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka, Chibemba ndi Chiswahili pa mzere umodzi wa mabenchi, ndipo mayi wogulitsa tomato amasintha chilankhulo malinga ndi amene waima patsogolo pake.

Pamsika pomwepo ndinakumana ndi mnzanga wa paulendo, mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale m'bomalo, mbadwa ya ku Misuku. Anali atakonza zoti tikagone kwa amalume ake, mlimi wa khofi amene nyumba yake ili pamtunda poonekera mbali zonse. Katundu wathu anali wochepa: majekete, magalasi oonera patali a maso awiri, foni yokhala ndi mapu a nyenyezi, ndi tochi yomwe aphunzitsiwo anaikulunga ndi kapepala kofiira. Kuwala kofiira sikuthobwa m'maso, pamene kuwala koyera kumafafaniza m'kanthawi kochepa kuzolowera mdima kumene maso amatenga theka la ola kuti akupeze.

Tinatsata msewu wa phula wopita ku Karonga mpaka pa Kapoka, pamene msewu wa ku Misuku umapatukira. Kuyambira apo ndi fumbi, miyala ndi zitunda. Tinakwera njinga zamoto za kabaza, ndipo anyamata oyendetsawo amadziwa kona iliyonse, pomwe pali chigwembe ndi pomwe galimoto ya nthochi ingatulukire mwadzidzidzi. Kumunsi mitengo ya m'tchire inali itayamba kuphukira masamba ofiira a chilimwe. Tikamakwera, mpweya unayamba kuzizira, tchire louma linatha, ndipo m'malo mwake munabwera minda yopendekeka yomwe alimi anaidula m'makwerero kuti nthaka isakokoloke. Khofi amamera pansi pa mthunzi wa nthochi, ndipo ming'oma ya njuchi yapachikidwa m'mitengo m'mphepete mwa nkhalango. Mapiri amenewa amafika pafupifupi mamita 2,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo pamwamba pake pali nkhalango zosayoyoka masamba za Mughese, Wilindi ndi Matipa.

Amalume anatilandira pakhonde, natipatsa madzi osamba m'manja, kenaka nthochi zophika ndi nyemba. Atamva chimene tabwerera anapukusa mutu akuseka.

"Alendo athu, anthu amabwera kuno kudzagula khofi ndi uchi. Inu mwawononga ndalama ya kabaza kudzaona nyenyezi? Kwanu kulibe?"

"Ziliko, bambo, koma zimabisala kuseri kwa magetsi," ndinayankha.

Dzuwa litalowa, tinakwera pang'ono kuseri kwa nyumba, pa bwalo loumitsira khofi. Kumpoto mapiri a ku Tanzania anali atada, timagetsi ta sola tikuphethira apa ndi apo. M'zigwa munali mizere yofiira ya moto wolusa, ndipo utsi wake unaphimba nyenyezi zonse za m'munsi. Koma pamwamba pamutu thambo linali loyera. Mlalang'amba unali utapendekera kumadzulo, ndipo pulaneti la Saturn linkawala mwachikasu, osaphethira.

Cha m'ma 9 koloko aphunzitsi anatitembenuzira kumpoto. Analoza nyenyezi zinayi zowala zopanga bokosi lalikulu la makona anayi, thupi la gulu la nyenyezi lotchedwa Pegasus. Anati tiyang'ane mbali ya kumadzulo ya bokosilo, pakati pa nyenyezi ziwiri za m'makona, kenaka tisunthire maso panja pang'ono. Poyamba sindinaone kanthu. Nditayang'ana chapambali, m'malo molunjika, kadontho kotuwa kanaonekera. M'magalasi oonera patali kanali kanyenyezi wamba, kachikasu pang'ono. Dzina lake ndi 51 Pegasi.

Nyenyezi imeneyi ndi yofanana kwambiri ndi dzuwa lathu, kukula ndi kutentha komwe. Imaoneka yozilala chifukwa cha kutalika basi. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, komabe kuti kuchoke kumeneko n'kufika ku Misuku kumatenga zaka 50. Kuwala kumene kunalowa m'maso mwathu usiku umenewo kunanyamuka cha m'ma 1975, chaka chimene likulu la dziko lathu linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe.

"Ndiye pulaneti mukunenalo lili pati?" anafunsa amalume, diso lili pagalasi.

"Simungalione, amalume," anatero aphunzitsi. "Ngakhale amene analitulukira sanalione."

Mfundo yonse ya nkhaniyi yagona pa yankho limenelo. Pulaneti silitulutsa kuwala kwakekwake, ndipo likakhala pafupi ndi nyenyezi limamira m'kuwala kwa nyenyeziyo. Chimene akatswiri amayeza ndi zomwe pulanetilo limachita kwa nyenyezi yake. Zinthu ziwirizi zimakokana. Pulaneti likamazungulira, nyenyezi nayo siima chilili, imazungulira pang'ono pa malo apakati pa kulemera kwa ziwirizo. Kwa ife oonera patali, nyenyeziyo imasendera kwa ife kenaka n'kubwerera, mobwerezabwereza.

Aphunzitsi akufotokoza zimenezi, njinga yamoto ya kabaza wochedwa inamveka ikukwera chitunda m'munsi mwathu. Anatiuza kuti titchere khutu. Ikubwera, kulira kwake kunali kokwera ndi kosongoka, ndipo itangodutsa kunatsika n'kukhala kwa besi. Kuwala kumachitanso chimodzimodzi. Nyenyezi ikamasendera kwa ife, kuwala kwake kumapendekera ku mtundu wa buluu, ikamapita kutali kumapendekera kofiira. Maso sangaone kusinthako, koma pali makina ogawa kuwala m'mitundu ya utawaleza. Mu utawaleza wa nyenyezi muli timizere takuda tambirimbiri tobwera ndi chitsulo, sodium ndi zina zopezeka mu mpweya wake, ndipo timizere timeneti tikasuntha, makinawo amawerengera liwiro la nyenyeziyo.

Makina otere, otchedwa ELODIE, anali pa telesikopu ya mamita 1.93 ku Haute-Provence kumwera kwa France. Mu 1994 pulofesa Michel Mayor wa ku yunivesite ya Geneva ndi wophunzira wake Didier Queloz anayamba kuyeza nyenyezi 142 zofanana ndi dzuwa. Ankayembekezera ntchito ya zaka zambiri, chifukwa chitsanzo chokha chimene aliyense anali nacho chinali banja la dzuwa lathu. Kwathu kuno mapulaneti ang'onoang'ono amiyala, monga Mercury, Venus, dziko lathu ndi Mars, ali pafupi ndi dzuwa, ndipo akuluakulu a mpweya ali kutali. Jupiter, amene amalemera kuposa dziko lapansi maulendo 318, ali pa mtunda wa makilomita 778 miliyoni kuchokera kudzuwa ndipo amatenga zaka pafupifupi 12 kuti azungulire kamodzi. Choncho wosaka Jupiter wa nyenyezi ina ankadziwa kuti adikira zaka khumi ndi ziwiri asanaone chizindikiro chathunthu.

Koma 51 Pegasi inkagwedezeka pa liwiro la mamita oposa 50 pa sekondi, ndiye kuti pafupifupi makilomita 200 pa ola, ndipo kugwedezekako kunkabwereza pa masiku 4.2 alionse. Queloz anayamba waganiza kuti makina ali ndi vuto. Anayeza mobwereza, anadikira kuti nyenyeziyo ionekenso pakati pa 1995, ndipo inabwerera pa nthawi yeniyeni imene masamu awo ananeneratu. Pa 6 Okutobala 1995, pa msonkhano ku Florence m'dziko la Italy, analengeza kuti apeza pulaneti lolemera pafupifupi theka la Jupiter, limene lili pa mtunda wa makilomita osakwana 8 miliyoni kuchokera ku nyenyezi yake. Mercury, woyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, ali pa makilomita 58 miliyoni ndipo chaka chake ndi masiku 88. Pulaneti latsopanoli chaka chake sichikwana sabata, ndipo kutentha kwake kumafika pafupifupi madigiri 1,000. Patangopita masiku ochepa, Geoffrey Marcy ndi Paul Butler anayeza nyenyezi yomweyo ku Lick Observatory ku California ndipo anapeza zofanana. Mu 2019 Mayor ndi Queloz analandira mphoto ya Nobel ya fizikisi. Mapulaneti a mtundu umenewu anapatsidwa dzina lakuti hot Jupiters, a Jupiter otentha.

Panali munthu mmodzi amene anaziganizira kale. Mu 1952 katswiri wina, Otto Struve, analemba kuti palibe chifukwa chokanira kuti pulaneti lalikulu lingakhale pafupi kwambiri ndi nyenyezi yake, ndipo kuti lotero lingapezeke mosavuta. Anthu sanazilabadire, chifukwa sizinkafanana ndi zimene ankaona pakhomo pawo.

Amalume anakhala chete kwa kanthawi, akukoka bulangete m'mapewa. Kenaka anafunsa funso limene akatswiri nawonso anafunsa mu 1995.

"Aphunzitsi, chinthu chachikulu chotere chinamera bwanji pamoto pomwepo osapsa?"

"Sichinamere pomwepo, amalume. Chinasamuka."

Nyenyezi ikamabadwa imazunguliridwa ndi chimbale cha mpweya ndi fumbi. Pafupi ndi nyenyeziyo ndi potentha kwambiri moti madzi sangaundane, ndipo zomangira pulaneti lalikulu ndi zochepa. Kutali, kozizira, madzi oundana amaphatikana ndi fumbi n'kupanga chimtima cholemera chimene chimakoka mpweya wochuluka. Mu 1996 Douglas Lin, Peter Bodenheimer ndi Derek Richardson anafotokoza kuti pulaneti lobadwira kutali likhoza kukokana ndi mpweya wa m'chimbalecho, n'kumataya mphamvu pang'onopang'ono, n'kumasendera m'kati mpaka kuima pafupi ndi nyenyezi. Ena amafika kumeneko atakankhidwa ndi mapulaneti anzawo. Umboni wa chipwirikiti chotere unaoneka mu 2009, pamene kunapezeka kuti pulaneti la WASP-17b limazungulira mobwerera m'mbuyo, motsutsana ndi mmene nyenyezi yake imatembenukira. Phunziro linali lakuti mapulaneti sakhala pamene anabadwira, ndipo akatswiri anayamba kufunsanso ngati Jupiter wathu sanasunthepo kalekale.

Tisanachoke ku Pegasus, aphunzitsi anasuntha magalasi chakumadzulo pang'ono, akutsata mapu a pafoni, mpaka pa kanyenyezi kena kosaoneka ndi maso okha, HD 209458. Apa ndi pamene njira yachiwiri inayambira. Ngati njira ya pulaneti yalunjika bwino kwa ife, pulanetilo limadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake n'kutchinga kachigawo ka kuwala. Mu 1999 David Charbonneau, amene anali wophunzira ku Harvard, ndi Timothy Brown anaona nyenyeziyi ikuzilala ndi pafupifupi 1.5 peresenti kwa maola atatu, ndipo zimenezi zimabwereza pa masiku 3.5 alionse. Greg Henry anaonanso zomwezo payekha ndi telesikopu ya ku Arizona. Kuchuluka kwa kuwala kotchingidwa kunaonetsa kukula kwa pulanetilo, kugwedezeka kwa nyenyezi kunaonetsa kulemera kwake, ndipo ziwirizi pamodzi zinatsimikiza kuti ndi chimpira cha mpweya, chotupa kuposa Jupiter koma chopepuka kumuposa. Chimene chinandigwira mtima ndi chida chimene Charbonneau ndi Brown anagwiritsa ntchito: telesikopu ya galasi la masentimita 10 okha, itaikidwa m'kanyumba pafupi ndi poimika magalimoto mumzinda wa Boulder ku Colorado.

Amayi a pakhomopo anatibweretsera tiyi wa mandimu m'fulasiki, n'kutiuza kuti ife ndi mfiti sitikusiyana, kenaka anakagona. Nsangwe zinali zitakwera kum'mawa, Akamwiniatsatana akuzilondola pambuyo. Chapakati pa usiku aphunzitsi anagona chagada pa mphasa n'kuloza pamwamba penipeni, m'dera lopanda nyenyezi zowala la gulu lotchedwa Cetus.

"Apo pali pulaneti la aneba athu awa," anatero, chala china chikuloza mapiri a kutsidya kwa Songwe.

Mu 2019 bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union linakwanitsa zaka 100, ndipo linapatsa maiko oposa 110 mwayi wotcha dzina nyenyezi imodzi ndi pulaneti lake. Tanzania inapatsidwa WASP-71. Nyenyeziyo anaitcha Mpingo, mtengo wakuda wosemera ziboliboli umene ife timati phingo, ndipo pulaneti analitcha Tanzanite, mwala wamtengo wapatali wokumbidwa kumpoto kwa dziko lawo. Tanzanite ndi Jupiter wotentha weniweni. Amalemera kuposa Jupiter wathu kawiri, amazungulira nyenyezi yake pa masiku 2.9, ndipo kuwala kochokera kumeneko kumayenda zaka zoposa 1,000. Magalasi athu sakanatha kuionetsa nyenyeziyo, tinangoyang'ana malo ake.

Zilembo za WASP zili ndi mbiri ya mu Africa muno. Ndi dzina la ntchito yotsogozedwa ndi mayunivesite a ku Britain, imene inaika makamera pa malo awiri: pa chilumba cha La Palma ndi ku Sutherland m'chipululu cha Karoo ku South Africa, kumene inayamba kujambula mu 2006. Malo alionse anali ndi makamera asanu ndi atatu okhala ndi magalasi a mamilimita 200, a mtundu womwewo umene ojambula mpira amagwiritsa ntchito m'mabwalo a masewero. Usiku ulionse wopanda mitambo makamerawo ankajambula nyenyezi zikwi mazanamazana mobwerezabwereza, ndipo kompyuta inkasaka imene yazilala pang'ono pa nthawi zofanana. Mwa njira imeneyi anapeza mapulaneti oposa 150, ambiri mwa iwo a Jupiter otentha. Mtundu umenewu ndi wosavuta kuugwira pa zifukwa zitatu. Ndi waukulu, ndiye umatchinga kuwala kooneka, pafupifupi gawo limodzi pa 100, pamene dziko ngati lathuli lingatchinge gawo losakwana limodzi pa 10,000. Uli pafupi ndi nyenyezi, ndiye mwayi woti udutse kutsogolo kwake ndi waukulu, pafupifupi umodzi pa khumi. Ndipo umabwereza msanga, moti m'nyengo imodzi ya chilimwe munthu amauona ukudutsa kambirimbiri.

Amalume anafuna kudziwa ngati kumeneko kuli anthu. Aphunzitsi anati kulibe ngakhale poponda. Pulaneti lotere limatembenuzira nkhope imodzi yokha ku nyenyezi yake, mbali ina ndi usana wosatha, ina ndi usiku wosatha, ndipo pakati pake pamawomba mphepo ya liwiro la makilomita zikwi zingapo pa ola. Pa WASP-76b, m'gulu la Pisces loyandikana ndi Pegasus, mbali ya usana imapitirira madigiri 2,000, moti chitsulo chimasanduka nthunzi. Mu 2020 akatswiri oyeza ndi telesikopu yaikulu ya ku Chile anapeza zizindikiro zoti nthunzi imeneyi imauluzikira kumbali ya usiku, kumene imazizira n'kugwa ngati madontho a chitsulo. Zimenezi zimadziwika chifukwa pulaneti likamadutsa kutsogolo kwa nyenyezi, kuwala pang'ono kumapyola mu mpweya wake, ndipo mpweyawo umasiya timizere take mu utawaleza uja. Telesikopu ya m'mlengalenga ya Hubble inapeza sodium pa HD 209458 b mu 2001. Ya James Webb, imene inaulutsidwa pa 25 Disembala 2021, inaonetsa nthunzi ya madzi pa WASP-96b mu Julayi 2022, ndipo mwezi wotsatira inapeza mpweya wa carbon dioxide pa WASP-39b. WASP-96b anapezeka ndi makamera a ku Sutherland aja.

Usiku utapyola pakati, Jupiter wathu anatuluka mu utsi wa kum'mawa, wofiirira poyamba, kenaka woyera kuposa nyenyezi iliyonse. Tinatsamiritsa magalasi pa mtengo wa thandala loumitsira khofi kuti asanjenjemere, ndipo timadontho ta miyezi yake tinaoneka titandanda pambali pake. Aphunzitsi anatikumbutsa kuti Jupiter amagwedezanso dzuwa lathu, pa liwiro la mamita pafupifupi 12 pa sekondi, pamene dziko lathu limaligwedeza ndi masentimita 9 okha. Ndiye chifukwa chake zimphona zotentha zinayamba kupezeka, osati chifukwa chakuti n'zochuluka. Mwa nyenyezi 100 zofanana ndi dzuwa, pafupifupi imodzi yokha ndi imene ili ndi Jupiter wotentha. Pofika Seputembala 2025 mapulaneti otsimikizika a kunja kwa banja la dzuwa anali atakwana 6,000, ndipo ochuluka mwa iwo ndi aang'ono kuposa Neptune. Koma njira zopezera ang'onoang'onowo zinakulira pa zimphona zija.

Tinagona pang'ono m'nyumba, ndipo cha m'ma 4 koloko kuzizira kwa m'mapiri kunatidzutsa. Moto wa m'zigwa unali utazima, utsi utakhazikika pansi, ndipo thambo la kumwera linali litatseguka. Nyenyezi ya Canopus inkawala pamwamba pa nkhalango, ndipo m'munsi mwake munali chigamba chotuwa cha mlalang'amba waung'ono wotchedwa Large Magellanic Cloud. Pafupi nacho pali WASP-62, imene anthu a ku South Africa anaitcha Naledi, ndi Jupiter wake wotentha Krotoa, wotchedwa dzina la mayi wa Chikhoi amene ankamasulira zilankhulo ku Cape m'zaka za m'ma 1600. Chakumanzere, kumwera chakum'mawa, gulu la Vela linali likukwera. M'menemo muli HD 83443, nyenyezi ya anthu a ku Kenya yotchedwa Kalausi, ndi pulaneti lake Buru lozungulira pa masiku osakwana atatu. M'gulu lomwelo muli HD 85390, imene inapatsidwa kwa Zambia. Nyenyeziyo anaitcha Natasha, ndipo pulaneti lake analitcha Madalitso.

Amalume, amene anali atadzuka kukamasula mbuzi, anaima atamva dzinalo. Anafunsa ngati tikunena zoona kuti kumwamba kuli dziko lotchedwa Madalitso, ndipo aphunzitsi anawaonetsa pafoni. Madalitso si wa gulu la otentha aja. Ndi wopepuka kwambiri kuposa Jupiter, ali patali ndi nyenyezi yake, ndipo chaka chake ndi chotalika kuposa zaka zathu ziwiri. Anapezeka ndi njira ya kugwedezeka kwa nyenyezi, pa makina a HARPS ku La Silla m'dziko la Chile, ndipo kuwala kwa Natasha kumatenga zaka pafupifupi 110 kuti kufike kuno. Munthu ataima pa phiri limodzi la ku Chitipa akhoza kuloza, usiku umodzi, mapulaneti otchedwa maina ndi aneba ake awiri onse.

Nthanda itatuluka ndi kum'mawa kutayamba kufiira, nkhungu inakwera kuchokera m'zigwa n'kuphimba minda ya khofi. Nkhungu imeneyi, pamodzi ndi mvula yambiri ya m'mapiriwa, ndi imene imakometsa khofi wa ku Misuku, koma kwa woyeza nyenyezi ndi mdani. Potsika kubwerera ku Kapoka tinkakambirana zimenezi. Chigwa cha Chitipa ndi chouma kuposa Misuku, ndipo miyezi yachisanu ndi yachilimwe imakhala ndi usiku wambiri wopanda mitambo, kupatula kuti kuyambira Ogasiti utsi wa moto wolusa umadetsa thambo. Chitipa ili pafupifupi madigiri 10 kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati, ndiye imaona thambo lonse la kumwera ndi mbali yaikulu ya la kumpoto, mwayi umene Geneva ilibe.

Sayansi ya zakuthambo timaiona ngati ya maiko olemera, ndipo mbali ina ndi zoona, pakuti James Webb inadya ndalama pafupifupi madola 10 biliyoni. Koma mbiri ya a Jupiter otentha ikuonetsa kuti khomo lolowera ndi lotsika. Zofunika ndi mdima, chida chaching'ono chokhazikika bwino, ndi munthu wosatopa kuyeza chinthu chimodzi usiku ndi usiku. Lero ntchito monga Exoplanet Watch ya NASA ndi ExoClock ya ku Ulaya zimalandira miyeso kuchokera kwa aphunzitsi, ophunzira ndi anthu wamba okhala ndi matelesikopu a masentimita 15 kapena 20. Miyeso imeneyi imathandiza kudziwa nthawi yeniyeni imene pulaneti lidutse kutsogolo kwa nyenyezi yake, kuti matelesikopu akuluakulu asataye maola odula akudikira pachabe. Telesikopu yotere, kamera, laputopu ndi batire la sola ndi zinthu zimene yunivesite ya Mzuzu kapena ya Livingstonia, mogwirizana ndi sukulu imodzi ya sekondale ku Chitipa, ingazikwanitse. Akatswiri a zakuthambo a dziko lonse anachita msonkhano wawo waukulu ku Cape Town mu Ogasiti 2024, koyamba mu Africa, ndipo Zambia ndi Mozambique zili kale m'gulu la maiko ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya telesikopu ya SKA. Malawi mulibe m'gulu limenelo.

Tisanasiyane pa Kapoka, aphunzitsi anandiuza zimene ayambe nazo, poti telesikopu alibe. Agula kope lachikuto cholimba, ndipo ophunzira a Fomu 3 azisinthana kutuluka panja 8 koloko usiku ulionse kukalemba zinthu zitatu: gawo la thambo limene laphimbidwa ndi mitambo, ngati kuli utsi, ndi ngati kanyenyezi kozilala kamene asankhe m'nyengo imeneyo kakuoneka ndi maso. Aliyense wofuna kuika telesikopu pa malo amayamba wafunsa kuti pa chaka pamakhala usiku woyera ungati. Chaka chikatha, sukuluyo idzakhala ndi yankho lolembedwa, ndipo ndi limene adzanyamule popita kukagogoda ku Mzuzu.